Tsiku limene nthungululu zanga zinalakwa

Ine ndine wa nthungululu, ee, ndinabadwa nazo pakhosi. Kwathu kuno kumunsi kwa Chongoni, ukwati ukachitika ine kulibe, amati mkwatibwi wangolowa m'nyumba ngati wobwereka moto. Mwana akabadwa, aitaneni amayi aja. Wansembe watsopano akafika ku Kasina, aitaneni amayi aja. Kulemba ndinaphunzira mochedwa, kusukulu yakwacha, imvi zitayamba kale, ndipo dzanja langa limayenda ngati ng'ombe yokoka ngolo pachitunda. Koma izi ndilemba ndekha, pang'onopang'ono, chifukwa ndi za mdzukulu wanga, ndipo iye sadzazinena.

Sadzazinena chifukwa salankhula. Mayi ake, mwana wanga wachiwiri, anandisiyira ali ndi zaka zitatu popita kukagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Lilongwe. Kamtsikana kosalala, maso akuluakulu, koma maso amenewo sankakuyang'ana. Ukamuitana, zii. Tsamba likagwa kuseri kwa nyumba, cheu! Ntchito yake inali mbatatesi. Tikakumba, iye ankazindandalika pakhonde, yaikulu, yotsatira, yotsatira, mpaka kakang'ono ngati nsawawa, ndipo ukachotsapo imodzi, mayo ine, dziko latha. Chimene ankadana nacho chinali phokoso. Chigayo chikalira, kapena ng'oma za gule wamkulu zikayamba kudambwe, ankatseka makutu, kugwada, n'kumamenyetsa chipumi pansi mpaka nditamufungatira ndi thupi langa lonse.

Pachitsime anthu ankanena. Ankati ndinamukhwimira ndine, ndinatenga nzeru zake n'kuzikwirira m'munda kuti mbatatesi zanga zizibereka. Ine ndinkangoimba potunga madzi, ngati sindikumva.

Tsiku lina, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinatembenuka kuti ndipalire mzere umodzi, kutembenukanso mwana palibe. Anamupeza amayi otola nkhuni mkati mwa nkhalango, atakhala m'mbali mwa kamtsinje, akundandalika timiyala. Madzulo ake kunabwera achimwene anga, mwini mbumba yathu, atanyamula chingwe cha khonje chatsopano. Si munthu woipa, ayi. Ndi munthu wamantha, ndipo mantha ake amatuluka ngati ukali.

"Achemwali, sankhani," anatero. "Kapena chingwe kumwendo, kapena chipatala cha amisala kumwera kuja."

"Chingwe chake ndine, achimwene."

"Inu mumakalamba. Chingwe sichikalamba."

Anachipachika paphaso la khonde langa, pamene ndizichiona potuluka ndi polowa. Anati tsiku limene mwanayu adzasowenso, kapena adzapweteke munthu, adzabwera kudzamanga okha ndipo sadzandifunsa. Kuyambira pamenepo ndinkapita naye kulikonse. Kumunda, iye. Kutchalitchi, iye, panja pazenera. Chingwe chili lende paphaso, kudikira.

Chinali chaka chotsatira chisankho chachikulu chija cha zipani zambiri, pamene anthu anayamba kulankhula mokweza pamsika osayang'ana kumbuyo. Oyimba nawo anamasuka. Tinamva kuti kukubwera bambo wina wa gitala amene tinkamumva pawailesi, wopeka yekha nyimbo zake, woyenda boma ndi boma pakalole kokhala ndi jenereta ndi masipika. Adzaimba Loweruka masana pabwalo la sukulu. Ine ndinavina nditangomva. Koma mbiri inali ndi mchira wake. Ankati kulikonse kumene bamboyo wafika, pamakhala mayi wina wa buku lalikulu, amafunsa za ana osalankhula, ana obisidwa, n'kumawalemba.

Buku! Ana inu a lero simungadziwe. M'masiku a chipani chimodzi, amuna anga anapita kumsika ataiwala khadi. Anyamata a chipani anawafunsa, iwo anayankha moseka, mmodzi anatulutsa buku n'kulemba dzina. Patapita sabata, galimoto inafika. Anabwerako patatha zaka ziwiri, mano akutsogolo palibe, nyimbo palibe, ndipo sanakhalitse. Ndiye kwa ine buku linali ndi mwana wake, mwana wake ndi galimoto. Walembedwa lero, mawa watengedwa.

Ndinaganiza zokhala pakhomo. Koma amayi anzanga a chimtali anali atandisankha kale kuti ndikatsogolere kulandira alendo, ndipo ndikanapanda kuoneka, akanabwera kudzanditenga ndi nyimbo, mudzi wonse kumbuyo. Kumusiya mwana, ndiye kumupereka kuchingwe. Kupita naye poyera, ndiye kumupereka kubuku. Ndinakhala pamtondo m'mawa wonse wa Loweruka ndikuyang'ana paphaso.

Kenaka ndinachita zimene ndinachita. Ndinamutseka makutu ndi thonje, ndinamumanga duku, ndinamubereka kumbuyo ndi nsalu ziwiri, pamwamba bulangete, mpaka ndi mutu womwe. Unali mwezi wa Juni, nkhungu itatsika m'phiri, aliyense atafunda chimene ali nacho, ndiye ndinati palibe adzadabwe. Sindinaganize za mapazi. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, mapazi ake ankandimenya m'mawondo.

Pabwalo panali anthu ngati tsiku la msika waukulu. Kalole kataima pakati, masipika awiri akuda ngati zitseko. Nyimbo yolandirira ndinaiyambitsa ndi theka la mawu, n'kubwerera chambuyo mpaka ku mitengo ya bulugama.

"Amayi, lero mwameza chiyani?" anandifunsa mnzanga wina wa chimtali. "Pakhosi patsekeka?"

"Chimfine, mayi."

"Chimfinecho n'chimene mwaberekacho? Mudzamubereka mpaka tsiku la ukwati wake?"

Anaseka. Ine ndinasekanso, mano okha.

Jenereta inalira, masipika anabangula, bwalo lonse linanyamuka. Bamboyo ankaimba, ai, ankaimba! Wamfupi, wa chikhothi chachikulu, mawu ake okandapala ngati a munthu wolira maliro dzulo. Miyendo yanga inkafuna kupita yokha. Koma kumbuyo kwanga mwana anayamba kuuma. Ndinamva zikhadabo zake zikulowa m'mapewa. Ndinamva kubuula kwake kuja, mmmm, mmmm, kumene kumabwera chisanafike chimkuwe. Thonje silinathandize kanthu. Ndinayang'ana njira yothawira, ndinaona achimwene ataima ndi njinga yawo pomwepo panjira, maso ali pa ine.

Mwadzidzidzi gitala inaleka pakati pa nyimbo. Bambo aja anayang'ana kubulugama. Anayang'ana ine. Anakweza dzanja kwa amene ankayang'anira jenereta.

"Zimitsani."

Zii. Bwalo lonse zii, ngati madzi athira pamoto. Anatsika pakalole gitala ili m'manja, anthu n'kumapatuka. Kumbuyo kwawo kunkabwera mayi wamtali wa magalasi, buku lalikulu lili pachifuwa. Ndinati Mariya Mayi wanga, lafika tsiku. Ndinafuna kuthamanga, koma ndithamangire kuti, kutsogolo buku, kumbuyo chingwe?

Sanafike pafupi. Anaima patali ngati mikono itatu, ananjuta pansi, atatembenukira kumbali, osayang'ana kumsana kwanga.

"Agogo, musaope," anatero motsitsa.

"Palibe mwana pano, bambo. Ndi katundu."

"Katundu wanuyo ali ndi zala khumi zakumapazi, agogo."

Anthu anayamba kuseka, iwo anakweza dzanja, kuseka kunazima.

"Mapazi amenewo ndimawadziwa," anatero. "Mayi anga ankabereka mlongo wanga chomwecho, bulangete mpaka kumutu, mpaka msana wawo unapindika. Kulikonse kumene ndikuimba ndimayang'ana kumbuyo kwa gulu, kumitengo. Mumaima malo omwewo nonse."

Anaimirira n'kulankhula kwa anthu, osakuwa. Anati umu ndi mmene amachitira paliponse: nyimbo zitatu amaimba popanda masipika, chifukwa cha ana amene phokoso limawapweteka. Anapempha kuti pasakhale kuwomba m'manja, pasakhale likhweru, pasakhale nthungululu. Amene yamukomera akweze manja m'mwamba azigwedeza zala.

Kunamveka kung'ung'udza. Kwathu kuno kumvera nyimbo uli duu ndi mwano, ndi kumuuza woyimba kuti wabwera pachabe.

"Ndi maliro kodi?" anafunsa mayi wina.

"Ife tabwerera phokoso!" anakuwa mkulu wina amene anali atalawa kale.

"Phokoso lanu lilipo, akulu, ndakusungirani," anayankha bambo aja. "Mwadikira zaka makumi atatu kuti mukuwe. Nyimbo zitatu sizikuphani."

Anakhalanso pansi pafumbi n'kuyamba kukhwatcha. Pang'onopang'ono, timawu tochepa, tomwetomweto, kubwereza, kubwereza, ngati madontho a padenga mvula itatha. Nyimbo yake inali ya mlongo wawo, mmene ankakondera kupukusa chivindikiro cha poto padzuwa, ndi mmene mudzi unkamuopera. Ine sindinkamvera bwino. Maso anga anali pabuku.

Kenaka ndinamva zikhadabo zikutuluka m'mapewa. Thupi lija louma linayamba kulemera ngati la mwana wogona. Bulangete linasuntha, mutu unatuluka. Ndipo pakhosi panga apa, pafupa ili, tizala tiwiri tinayamba kugogoda. Ti, ti, titi. Ti, ti, titi. Ndendende ndi gitala, osaphonya. Anayamba kudzikoka kuti atsike. Ndinamasula nsalu. Anatsika, anayenda chammbali monga amayendera, anafika pagitala, anaika chikhatho chake pamimba pake pa thabwa paja kuti amve kunjenjemera kwake. Bambo aja sanamuyang'ane, sanaleke. Mwana wanga anamwetulira. Pamaso pa anthu onse amene ankati mulibe munthu m'menemo, anamwetulira.

Manja anali atakwera bwalo lonse, zala zikugwedera ngati masamba. Ine ndinamva chinthu chikukwera kuchokera m'mimba. Ndinachidziwa. Ndinati iwe khala pansi. Sichinamve. Zaka zonse za moyo wanga chimwemwe chinali ndi njira imodzi yokha yotulukira, ndipo chinatuluka.

Ndinaimba nthungululu. Zazikulu, zanga zenizeni, zimene amati zimamveka kutsidya kwa dambo. Pamwamba penipeni pa mutu wa mwana.

Anakuwa ngati wamuthira madzi otentha. Anadzigwetsa, chipumi pansi, gu, gu. Bambo aja anaponya dzanja pakati pa chipumi ndi nthaka, ndipo iye analuma dzanjalo. Analuma ndithu, magazi anatuluka. Anthu anabwerera m'mbuyo, ena Yesu, ena tinanena ife. Ine ndinangoima, pakamwa pali yasa, ngati si ine.

Achimwene anagwetsa njinga n'kubwera.

"Mwaona, achemwali? Mwaona?" Anatembenukira kwa mlendo, chipewa m'manja. "Pepani, bambo, pepani kwambiri. Ndine mwini mbumba. Chingwe chilipo kale kunyumba. Lero lomwe timanga."

Bambo aja anali atavula chikhothi chawo. Anandipatsa. "Mukulungeni zolimba, agogo, zolimba ndithu, musalankhule naye." Ndinamukulunga, ndinamufungatira, ndinamva mtima wake ukuthamanga ngati wa mbalame. Iwo anamanga dzanja lawo ndi mpango, kenaka anayang'ana achimwene.

"Akulu, ndinapempha chiyani ndisanayambe?"

"Munati pasakhale phokoso."

"Mwanayu anaswa pempho langa?"

Achimwene asanayankhe, ndinalowerera.

"Ndine," ndinatero ine. "Ndine ndalakwa."

"Ndiye ngati n'kumanga wolakwa, akulu, timange agogowa. Chingwe chanucho chiwakwana?"

Anthu anafuna kuphulika, koma anakumbukira, ndipo ndinaona bwalo lonse likuseka ndi mapewa okha, manja pakamwa. Ngakhale mkulu woledzera uja anagwira pakamwa pake ndi manja awiri. Achimwene anayang'ana pansi.

Bambo aja anawapempha kuti adzutse njinga aime nayo chopingasa, anthu asatiyandikire. Achimwene anachita. Anaima ngati mpanda, msana kwa ife, ndipo aliyense wofuna kusuzumira ankamubweza. Pamenepo mlendo analankhula, mawu ali pansipansi, anthu n'kumasendera makutu. Anati kuchipatala chachikulu, kumene anapita ndi mlongo wawo, amati otizimu. Si misala, si ufiti, palibe amene anakhwimira munthu. Mwana amabadwa choncho. Makutu ake amamva zonse nthawi imodzi, jenereta, mphepo, kutsokomola kwa munthu kutali, ndipo alibe chitseko chotsekera.

"Munaima pamzere dzuwa lonse kuti muponye voti," anatero. "Munati aliyense akhale mfulu. Ufuluwo si wa olankhula okha. Mbuzi ndiyo imamangidwa."

Mayi wa buku uja anagwada pafupi nane. Anati ndi mkazi wa bambo agitala aja, mphunzitsi. Anati popeza sukulu tsopano ndi yaulere, ana ngati awa akubwezedwa pakhomo la kalasi, ndipo akuluakulu a maphunziro amati kumidzi kulibe ana otere. Bukulo n'lokawaonetsa kuti alipo.

"Galimoto idzabwera?" ndinafunsa.

"Mwina kudzabwera munthu, agogo. Koma wodzaona, osati wodzatenga."

"Amene analemba amuna anga anatinso n'zongolemba."

Sanandikakamize. Anatseka buku n'kukhala. Ine ndinkangoyang'ana chikuto chake chakuda. Ndiye kunamveka mawu kumbuyo kwa njinga.

"Kwathunso aliko."

Ndinatembenuka. Anali mayi yemwe uja amene ankatsogolera zonena pachitsime, za kukhwima kwanga. Anali atagwira nsonga ya nsalu yake pakamwa.

"Aliko, wamwamuna, wa mng'ono wanga. Timamutsekera m'nyumba."

Wina anatsokomola n'kunena kuti kwawonso. Ndinayang'ana achimwene, chifukwa mwana wa mbumba salembedwa popanda mwini mbumba. Anayang'ana mwana, anayang'ana buku. Kenaka anatsamiritsa njinga pamtengo, anatenga cholembera, analemba okha dzina la mwana ndi lawo pansi pake. Ine ndinadinda chala, popeza masiku amenewo ndinali ndisanaphunzire. Inki ija inakhala pachala masiku atatu, ndipo masiku atatuwo chakudya sichinatsike.

Masipika asanayatsidwenso, bambo aja anatipatsa nthawi yoti tifike kutali. Tili kutsidya kwa dambo ndinamva bwalo likuphulika, anthu akulandira phokoso lawo. Chikhothi ndinachibweza kudzera mwa achimwene. Bamboyo sindinamuonenso ndi maso, pawailesi pokha.

Musaganize kuti mantha anathera pabwalo paja. Miyezi iwiri yathunthu, injini ikalira kumsewu, ndinkamunyamula mwana n'kumulowetsa m'nkhokwe, ine n'kukhala patsogolo pake ngati ndikusankha nyemba. Galimoto ya fetereza, m'nkhokwe. Galimoto ya odwala, m'nkhokwe. Ndipo chingwe chinali chikadali paphaso, chifukwa achimwene sananene kanthu za icho, ine sindinayerekeze kufunsa.

Amene anabwera sanabwere pagalimoto. Anabwera panjinga yakapalasa, mayi wachikulire wa nsapato zafumbi, wotumidwa ndi a zamaphunziro. Nditamuona patali ndinalowetsa mwana m'nkhokwe, ndipo atafika ndinamuuza kuti mwana kulibe. Anakhala pakhonde, anayang'ana mzere wa mbatatesi, yaikulu mpaka kakang'ono, anati, "Amene anandandalika izi ndimudikira." Anadikira mpaka ndinachita manyazi n'kukatsegula nkhokwe.

Anamupezera malo kusukulu, kumbuyo kwa kalasi pafupi ndi khomo, kuti akafuna kutuluka azituluka. Belu la pasukulupo linali chitsulo cha gudumu chopachika pamtengo, ndipo anagwirizana kuti asanachimenye azimuuza kaye atseke makutu. Masiku ena ankakhala, masiku ena ankabwerera tisanafike n'komwe. Ine ndinkakhala panja pansi pa mtengo, ndipo m'pamene ndinayamba kusirira malemba.

Mvula yoyamba itagwa, achimwene anabwera m'mawa. Sanakhale pansi. Anayenda molunjika paphaso. Mwana anali pakhonde pomwepo, miyendo ili tambalale. Anafutukula chingwe, anachiyeza m'manja, anachikoka kuona kulimba.

"Mbuzi yanga yadula chake," anatero osandiyang'ana. "Ichi chikungowola apa."

Anachikulunga, anachimanga pakaliyala pa njinga, anapita.

Chinthu chija chinayambanso kukwera kuchokera m'mimba. Ndinayang'ana mwana. Ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri, ndinakodola mnansi wanga ndi mutu kuti amuyang'anire, ndinathamanga. Ndinadutsa munda, ndinadutsa chitsime, ndinatsikira kudimba kumene kulibe nyumba, ndipo kumeneko ndinazimasula zonse, ndekhandekha, pakati pa kabichi, mpaka akhwangwala anauluka.

Lero mdzukulu wangayo ndi mayi wamkulu. Sanalankhulepo. Nthawi yobzala anthu amabwera ndi madengu kuti awasankhire mbewu ya mbatatesi, chifukwa diso lake siliphonya yodwala, ndipo oyamba kufika amakhala a kubanja la mayi wa pachitsime uja. Nthungululu ndimaimbabe, ee, ukwati wopanda ine ukadali wosakoma. Koma ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndayang'ana kumene wakhala. Akakhala pafupi, ndimakweza manja m'mwamba n'kugwedeza zala, pakhosi pakuyabwa, misozi ili chuchuchu.